Ndani Adzadyetsa Nkhalamba ya ku Mgodi?

Nkhani yathu ya lero iri ya mbiri, ndipo ikhudza funso limene munthu wa nchito ali yense alifunsa mumtima mwace pamene imvi ziyamba kuoneka: kodi manja anga akadzalema ndidzadya ciani, ndipo ndidzakhala kuti? Funsoli nlakale monga migodi yomwe. Zapita zaka pafupi-fupi 100 ciyambire kukumba migodi yaikuru ya mkuwa m'dziko lino, ndipo m'zaka zimenezi anchito alandira mayankho atatu. Poyamba anauzidwa kuti mudzi udzawasunga. Pambuyo pace anakhulupirira kuti kampani idzawasunga. Potsiriza anaonetsedwa thumba la boma. Tiyeni tione mayankhowa limodzi-limodzi, ndi zimene zinagwera anthu amene anawakhulupirira.

MUDZI UDZAKUSUNGA

Miyala ya mtobvu ndi zinki inapezeka ku Broken Hill, kumene lero tikucha Kabwe, m'caka ca 1902, ndipo njanji inafikako mu 1906. Migodi yaikuru ya mkuwa inadza pambuyo: Roan Antelope ku Luanshya inayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, ndipo Nkana, Mufulira ndi Nchanga zinatsatira zaka za m'ma 1930 zisanathe. Anthu anadza kucokera mbali zonse: Abemba, Alala, Alamba, Alozi, Ansenga, Angoni, Acewa, Anyakyusa a ku Tanganyika, ndi akalaliki ambiri a ku Nyasaland. Munthu analembedwa pa tiketi. Akakwanitsa masiku 30 a nchito tiketi latha, nalandira malipiro ace.

Masiku amenewo boma la Atsamunda ndi eni migodi anali ndi ganizo limodzi pa munthu wakuda, lakuti iye ndi mlendo m'tauni. Abwere ali mnyamata, apeze ndalama ya msonkho, bulangete, nsaru ya mkazi wace ndi njinga, ndipo abwerere kwao. Cifukwa cace sanamkonzere penshoni iai. Akadwala kosacira, akapunduka kapena akakalamba, anampatsa ulendo wobwerera kumudzi, ndipo mlandu wace unathera pomwepo. Mphamvu za unyamata wace zinatsala ku mgodi, koma katundu wa ukalamba wace anasenzetsa abale a kumudzi amene sanalandireko ngakhale khobidi la kampani.

Zimenezi zinaoneka poyera m'caka ca 1931, pamene mtengo wa mkuwa unagwa pa dziko lonse. Mu 1930 anchito akuda a ku migodi anaposa 30,000, koma pofika kumapeto kwa 1932 sanakwane ndi 7,000 omwe. Otsalawo anauzidwa kuti apite kwao.

Nanga mudzi umene anapitako unali wotani? Mayi wina wa ku England wophunzira za miyambo ya anthu, Audrey Richards, anakhala pakati pa Abemba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930, nayang'anitsitsa zimene anthu anadya tsiku ndi tsiku, ndipo buku lace linaturuka mu 1939. Anaona kuti ulimi wa citemene ufuna amuna amphamvu okwera m'mitengo kukadula nthambi zimene azitentha kuti phulusa lidyetse mawere. Tsono amuna otero ndiwo anali ku migodi. M'midzi yambiri munatsala akazi, ana ndi okalamba, minda inacepa, ndipo miyezi ya njala isanafike masika inali yowawa koposa. Cotero mgodi unafooketsa mudzi womwewo umene unayenera kudzasunga nkhalamba za ku mgodi.

Ndiponso si onse amene anabwerera. Godfrey Wilson, mkuru woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anawerenga anthu a ku Broken Hill ca m'ma 1939 ndi 1940, napeza kuti amuna ocuruka anali atatha zaka zao zambiri za ucikulire m'matauni, osati kumudzi. Kwathu anthu otere tinawacha machona. Mchona anakwatira mkazi wa mtundu wina, ana ace analankhula Cibemba ca m'komboni, ndipo makalata opita kwao analeka kale. Munthu wotere akakalamba analibe mudzi womlandira, ndipo tauni inalibe malo ace.

MATENDA NDI PHOSO

Tisaiwale kuti m'zaka zoyambazo kufika pa ukalamba kunali mwai. Pomanga mgodi wa Roan Antelope anthu anafa ndi malungo, cibayo ndi matenda a m'mimba, kotero kuti mbiri inawanda ya njoka yaikuru yokhala m'mtsinje wa Luanshya imene inali kutha anthu, ndipo ambiri anathawa nchito. Mu 1929 eni mgodi anapempha uphungu kwa Sir Malcolm Watson, dokotala wodziwa za malungo. Iye analangiza kuti madambo akumbidwe ngalande, mtsinje ulambulidwe kuti madzi ayende, ndi zithaphwi zithiridwe mafuta kuti udzudzu usaswane. Pamodzi ndi madzi abwino akumwa ndi zimbudzi, nchito imeneyi inacepetsa imfa kwambiri m'zaka zowerengeka. Imeneyi ndiyo phunziro loyamba la moyo wautali m'mizinda yathu: unayamba ndi ngalande ndi madzi oyera, usanafike ku botolo la mankhwala.

Mdani wina anali pansi pa nthaka, ndiye fumbi la mwala. Munthu woboola mwala apuma fumbi losaoneka ndi maso, ndipo limakhala m'mapapo, niliumitsa pang'ono-pang'ono. Nthendayi, imene madokotala aicha silikosisi, ikhoza kuonekera munthu atasiya kale nchito, ndipo itsegulira khomo cifuwa cacikuru. Ambiri anapita kumudzi ndi cifuwa cimene abale anaciyesa ufiti. M'zaka za m'ma 1940 boma linayamba kupima mapapo a anthu a m'migodi, ndipo nyumba ya nchitoyi ku Kitwe iripo kufikira lero, ngakhale dzina lace linasintha.

Cakudya ca wanchito cinali phoso la kampani. Munthu anaima pa mzere ndi thumba kapena beseni, nalandira ufa wa cimanga, nyemba, mtedza, nyama, masamba ndi mcere. Madandaulo a phoso anali osatha: ufa wocepa kwa munthu wa banja, nyama ya mafupa okha-okha, mwano wa opereka. Madandaulo otere anamveka pamodzi ndi a msonkho ndi malipiro pa sitalaka ya 1935, pamene anthu 6 anaomberedwa ku Luanshya, ndiponso pa ya 1940, pamene anthu 17 anafa ku Nkana. Akazi ndiwo anapulumutsa mabanja, pakuti analima timinda m'mbali mwa komboni, nathyola ndiwo za m'chire, nazula bowa, natola mphalabungu, nagula nsomba zouma zocokera ku Luapula ndi ku Bangweulu. Ku Broken Hill anchito ena okwatira anapatsidwa minda ya maekala 5.

Komabe, tikaliyesa phoso lija ndi nzeru za lero, tipeza kuti mitundu ya zakudya zace inali yoyenera thupi. Cimanga pa cokha cisowa zina zimene thupi lifuna, ndipo munthu wodya nsima yopanda ndiwo zokwanira agwidwa ndi nthenda yosupula khungu ndi kutsegula m'mimba imene aicha pelagra. Nyemba, mtedza ndi nsomba zikwaniritsa cimene cimanga cisowa. Colakwa ca phoso cinali cakuti linacepa, ndi cakuti linaperekedwa kuti lidyetse mphamvu za nchito basi. Tsiku limene munthu anasiya nchito, phoso linatha.

KAMPANI IDZAKUSUNGA

Zinthu zinayamba kutembenuka pamene anchito anagwirizana. Mu 1949 anapanga cigwirizano ca anchito akuda a m'migodi, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu. Mu 1952 ananyanyala nchito masabata atatu mwa bata, ndipo kuciyambi kwa 1953 malipiro anakwezedwa. Eni migodi nawonso anazindikira kuti munthu wozolowera makina aposa mlendo wa caka cimodzi, cotero anayamba kufuna anchito okhazikika. M'zaka za m'ma 1950 phoso linalekeka, ndalama inalowa m'malo mwace. Nyumba za njerwa zinamangidwa, ndipo anthu otumikira zaka zambiri anayamba kuganiziridwa pa ndalama za popuma nchito.

Ufulu unadza mu 1964. Mu 1966 boma linakhazikitsa Zambia National Provident Fund, thumba limene wanchito ndi womlemba anaponyamo ndalama mwezi ndi mwezi, kuti munthu adzalandire zonse pamodzi popuma. Mu 1970 boma linatenga magawo 51 pa 100 a migodi, ndipo mu 1982 makampani awiri a migodi anaphatikizidwa kukhala ZCCM. Amene anakhala ku Kitwe, Mufulira, Chingola, Luanshya ndi Chililabombwe masiku amenewo akumbukira kuti kampani inali ngati atate ndi amai. Inapereka nyumba, madzi, magetsi, cipatala, sukulu, mabwalo a mpira ndi ufa wotsika mtengo, kuyambira thewera la khanda kufikira bokosi la maliro. Munthu akanalephera bwanji kukhulupirira kuti ukalamba wace uli m'manja abwino?

Koma nyumba inali ya kampani, ndipo cipatala cinali ca anchito. Munthu akapuma anayenera kupereka makiyi, katundu wace nakwezedwa pa galimoto kupita kumene iye anachula kuti ndi kwao. Pamenepo funso lakale lija linabweranso. James Ferguson, wophunzira wa ku America, anakambirana ndi anchito a ku Kitwe amene anali pafupi kupuma ca m'ma 1985 ndi 1986, ndipo patapita zaka zowerengeka anawatsata kumene anakakhala. Anapeza kuti amene anasunga cibale, amene anatumiza thandizo, kupita ku maliro ndi kulemekeza akuru pa chuti, analandiridwa napatsidwa malo olima. Amene anaiwala kwao zaka 20 kapena 30 anafika ngati alendo. Abale anayang'ana ndalama zao, ndipo zitatha panatsala mangawa akale, kunyozana ndi mantha a ufiti. Kwa ife a mitundu yotsata kucikazi, monga Acewa, Ansenga ndi Abemba, panali mfundo inanso. Mwamuna akapita ku mudzi wa amai ace, mkazi wace ndi ana ali alendo kumeneko. Akapita kwao kwa mkazi, iye ndiye mkamwini wokalamba wopanda mau. Nkhani yotere ifuna kukambidwa anthu akali ndi mphamvu, koma mabanja ambiri anaiyamba galimoto ya katundu itaima kale pakhomo.

Pamene zinali tero, cuma ca dziko cinali kugwa. Mtengo wa mkuwa unatsika mu 1975, ndipo sunadzukenso bwino kwa zaka zoposa 25. Mitengo ya zinthu inakwera, kotero kuti kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 inali kuwirikiza kawiri ndi kuposa m'caka cimodzi. Ndalama zimene munthu anaponya m'thumba la Provident Fund pamene Kwacha inali yamphamvu anazilandira zitasanduka mankhusu. Thukuta la zaka 25 linagula malata owerengeka ndi matumba a feteleza, ndipo linatha dzinja limodzi kapena awiri.

Cakudya naco cinasintha m'nyengo imeneyi. Phoso litatha, munthu anadzisankhira yekha, ndipo anasankha zimene zinaoneka za ulemu: buledi woyera, tiyi wa shuga wambiri, ndiwo zosambira m'mafuta, ndi ufa woyera wa breakfast m'malo mwa roller kapena mgaiwa. Mawere ndi mapira, zimene zinalera makolo, zinayesedwa za kumudzi. Ufa woyerawo unakhala cizindikiro ca moyo wa m'tauni, kotero kuti pamene boma linacotsa thandizo lace pa ufa wa breakfast mu December 1986, mtengo nuwirikiza, mizinda ya ku migodi inabuka cipolowe ndipo anthu anafa. Koma pogaya ufa woyera amacotsa gaga ndi mtima wa njere, ndipo m'menemo ndimo muli mafuta abwino, mavitamini ndi zothandiza m'mimba. Tinalipira ndalama zambiri kugula ufa wocepa mphamvu.

Mapeto a yankho laciwiri anafika ndi kugulitsidwa kwa migodi. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994. Wa Luanshya unagulitsidwa mu 1997, ndipo amene anaugula analephera pofika 2000, anthu natsala miyezi yambiri osalandira kanthu. Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Konkola zinagulitsidwa mu 2000. Anchito a m'migodi, amene anaposa 60,000 m'zaka za m'ma 1970, anatsala pafupi-fupi 20,000 pofika 2001. Ambiri anagula nyumba zimene anakhalamo, mtengo wace nucotsedwa pa ndalama zao za popuma, cotero anatsala ndi denga koma opanda ca m'thumba. Amuna amene anayendetsa makina akuru pansi pa nthaka anayamba kuocha makala ndi kulima m'nkhalango za m'mbali mwa mizinda. Nthawi yomweyo matenda a Edzi anali kutha anyamata ndi atsikana, ndipo nkhalamba zimene zinayembekeza kusungidwa ndi ana zinayamba kulera adzukulu amasiye.

THUMBA LA BOMA

Yankho lacitatu ndilo tiri nalo tsopano. Lamulo la 1996 linakhazikitsa NAPSA, imene inayamba nchito mu 2000 m'malo mwa Provident Fund. Kusiyana kwace nkwakuti munthu alandira penshoni mwezi ndi mwezi moyo wace wonse, m'malo mwa mulu umodzi wa ndalama umene utha msanga. Wanchito aponya magawo 5 pa 100 a malipiro ace, ndi womlemba aonjezapo 5. Kuti munthu alandire penshoni ya mwezi ndi mwezi ayenera kuponya miyezi 180, ndizo zaka 15. Wosafikapo alandira ndalama ya kamodzi. Kuyambira 2015 msinkhu wopumira nchito uli zaka 60, koma munthu akhoza kupuma msanga pa 55 kapena kucedwa kufikira 65.

Mu 2023 lamulo linalola kuti munthu atapeko magawo 20 pa 100 a ndalama zace asanapume, kamodzi kokha. Anthu zikwi zambiri anathamangira mwai umenewu. Akuru anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto, ndipo amene anakumbukira za Provident Fund sitingawadzudzule. Koma tidziwe kuti cimene citapidwa lero cicepetsa penshoni ya mawa. Wotapa kuti amange nyumba kapena agule munda wasamutsa cuma cace kucokera nkhokwe ina kupita ku ina. Wotapa kuti acite phwando wadya mbeu.

Thumba limeneli nalonso liri ndi malire. Anthu ocuruka m'dziko lino ali alimi, ogulitsa pa msika ndi ogwira maganyu, ndipo ambiri a iwo saponyamo kanthu. M'migodi momwe anthu ambiri tsopano alembedwa ndi makontrakitala kwa miyezi yowerengeka, ndipo miyezi yosaponya isiya mipata m'kaundula. Kwa osauka boma linayamba kupereka ndalama za thandizo ku Kalomo mu 2003, ndipo ku Katete mu 2007 linayesa kupatsa nkhalamba za zaka 60 ndi kuposa kandalama ka mwezi ndi mwezi. Thandizo lotere lagula sopo, mcere ndi ufa m'nyumba zambiri, koma silikwana kusunga munthu pa lokha.

ZIMENE MBIRI ITIPHUNZITSA

Lero anthu a m'dziko lino akhala ndi moyo zaka zambiri kuposa makolo ao. Mankhwala a ma ARV, amene anayamba kuperekedwa kwaulere mu 2005, pamodzi ndi katemera ndi maukonde a udzudzu, akweza zaka zimene mwana wobadwa ayembekezeka kukhala ndi moyo kufika pa zoposa 60. Munthu wopuma nchito ali ndi zaka 55 kapena 60 akhoza kukhala zaka zina 15 kapena 20. Zaka zimenezi zifuna cakudya, pogona, anthu ndi thupi lolimba.

Amai athu adziwa kuti mphika sukhala pa fuwa limodzi. Mudzi wokha unalephera, kampani yokha inalephera, ndipo thumba la boma lokha silikwana. Amene anakalamba bwino m'mbiri yonseyi ndi amene anaika mphika wao pa mafuwa atatu.

Fuwa loyamba ndi ndalama. Pitani mukaone kaundula wanu ku NAPSA caka ndi caka, mutsimikize kuti okulembani aponyadi zimene akudulani, pakuti mpata wopezeka lero ukonzeka msanga kuposa wopezeka mutapuma. Sungani makalata anu onse a nchito. Ngongole za katapila zithe musanafike pa tsiku lopuma.

Fuwa laciwiri ndi anthu ndi malo. Kambiranani ndi akazi anu kapena amuna anu, ndi ana omwe, za kumene mudzakhala. Ngati ndi kumudzi, dziwikani kwa mfumu ndi kwa eni mbumba mukali pa nchito, limaniko ngakhale ekala imodzi, ndipo maliro a abale asakupiteni. Ngati ndi m'tauni, makalata a nyumba akhale m'dzina loyenera, ndipo mukhale ndi luso kapena dimba lokupatsani kanthu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Amene muwathandiza lero ndiwo adzakutungirani madzi.

Fuwa lacitatu ndi thupi. Adani a nkhalamba ya m'tauni masiku ano ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi kufa ziwalo, ndipo ayamba mwakacete-cete munthu akali ndi zaka 40. Madokotala a bungwe la World Health Organization alangiza kuti mcere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, ndiyo sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli kale m'ndiwo ndi m'zakudya zogula. Bwererani ku mgaiwa kapena roller, ndipo mtanda wa nsima ucepe pamene mbale ya ndiwo ikula. Nyemba, khobwe, kapenta, nkhwani, kholowa ndi bonongwe wotendera, mbatata, maungu ndi zipatso za nyengo yace ziposa zakudya zambiri za m'mapaketi, ndipo mtengo wace ngwapansi. Cepetsani shuga, mafuta ndi mowa. Fodya musiyeni ndithu, makamaka inu amene munapuma fumbi la mwala. Yendani pansi, gwirani khasu, ndipo pitani ku cipatala akakupimeni magazi ndi shuga ngakhale simumva kuwawa. Inu amene munagwira nchito pansi pa mgodi, musaleke kukapimitsa mapapo mutapuma.

Anyamata amene mwayamba nchito caka cino, nkhani iyi iri yanunso. Amuna amene anakwezedwa pa galimoto ndi katundu wao mu 1989 analinso anyamata mu 1960, ndipo anayesa kuti migodi sidzagwa. Cakudza siciyimba ng'oma. Fuwa liri lonse mwa atatuwa litenga zaka kuti likhazikike, cotero yambani ndi malipiro a mwezi uno.